Mabuku Ochokera Kumaliro

Ntchito ya mulaibulale ya ku Lirangwe ndinaiyamba ndili wokwiyakwiya, sindibisa. Kwathu ndi ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege komwe amuna anga amalondera pageti. Ndiye tangoganizani ulendo wake tsiku ndi tsiku: minibasi mpaka pa Kameza, kutsika, kudikira ina yodzera ku Lunzu, kondakitala n'kumakupanikizani ngati thumba la makala kwinaku akukuuzani kuti musunthe pang'ono. Kusunthira kuti? Pofika ku Lirangwe ndinkakhala nditatuwa ndi fumbi, mutu ukuwawa, ndipo wondipatsa moni kawiri ankalandira diso lokha.

Laibulale yake inali chipinda chimodzi chachitali kuseri kwa magolosale. Eni ake anali bungwe lina la m'tauni lomwe linali ndi timalaibulale totere m'madera angapo. Mawindo anali mbali imodzi yokha, choncho kumapeto kwa chipindacho kunkakhala kamdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Nyengo yotentha malata ankalira okha, the, the, ngati wina akuyenda padenga. Kunja chigayo chinkalira tsiku lonse mpaka khutu kuchizolowera, moti magetsi akazima, bata lake linkaopsa.

Chomwe chinayamba kundipsetsa mtima chinali mabuku otembenuzidwa. Buku pashelefu limaima msana uli kunja kuti munthu awerenge dzina lake. Koma apa ndi apo ndinkapeza lina litalowetsa msana mkati, masamba ali kunja, mbee. Ndinkaliwongola n'kubwerera patebulo langa. Pofika nthawi yoweruka, latembenukanso. Lomwelo! Osati loyandikana nalo ayi, lomwelo. Ndinakalipira ana asukulu mpaka mawu kusasa, iwo n'kumangoyang'ana pansi. Ndinayesa kukhala tcheru, maso ali kumashelefu, koma wotembenuzayo sindinamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mapeto ake ndinangoti anthu a kuno ndi amwano basi, ndipo ndinapitiriza kuwongola.

Kenaka kunabwera kompyuta. Abwana athu, mayi wamtali wa kuofesi ya m'tauni, anaibweretsa okha pagalimoto pamodzi ndi sola yake. Anandiphunzitsa kulowetsamo zonse: dzina la buku, nambala yake, yemwe analibwereka komaliza ndi tsiku lake. Zonsezo ndinkakopera patimakhadi takale tokhala m'kathumba ka kuchikuto. Inali ntchito yotopetsa, moti manja okha ndiwo ankagwira, mutu uli kwina. Itatha, abwana anaimba foni.

"Tsopano ifunseni kompyutayo ikuuzeni mabuku omwe papita chaka asanabwerekedwe," anatero. "Amenewo muwatsitse, muwaike m'makatoni. Kukubwera mabuku atsopano ndipo malo mulibe."

Zimenezo ndinazikonda. Ine ndimadana ndi zinthu zongodzaza malo, ngakhale kunyumba kwanga amadziwa.

Anali masana otentha, chitseko chili chotsegula, pomwe ndinadina kuti kompyuta indionetse. Pamwamba panatuluka omwe ndinkawayembekezera: mabuku amphatso ochokera kunja, onena za masewera a pachipale chofewa ndi malamulo a maiko omwe sitidzapondako. Pamalo pa dzina la wobwereka panalibe kanthu, chifukwa chibwerere palibe anawakhudzapo. Ndinaseka ndekha. Koma m'munsi mwake munayamba mabuku a Chichewa, nkhani zokoma zija anthu amalimbirana, mabuku a kaweto ka mbuzi, a kasokedwe, otha m'makona ndi manja a anthu. Nanga awa alakwa chiyani? Ndinayang'ana kumaina a omwe anawabwereka komaliza.

Loyamba linali la aphunzitsi ena omwe anagundidwa ndi lole pamsewu waukulu. Lachiwiri la mayi wogulitsa tomato yemwe anamwalira pobereka, maliro ake ndinakhalapo ine ndemwe. Lachitatu la telala wa pakhonde pa golosale. Ndinatsitsa, n'kutsitsanso, ndikufunafuna dzina limodzi lokha la munthu woti ndingakumane naye pamsika. Panalibe. Ena sindinkawadziwa chifukwa anatisiya ine ndisanabwere, koma nditatsegula bokosi la makhadi a mamembala ndinapeza awo ali odulidwa pakona, mmene ankachitira yemwe ndinamulowa m'malo munthu akamwalira.

Ndinalemba manambala angapo padzanja n'kupita kumashelefu, kokhala kamdima kuja. Buku loyamba, lotembenuzidwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinali nditaliwongola ndekha m'mawa womwewo, koma linali litandifulatiranso. Abale inu, thupi lonse linachita tsemwe, kunja dzuwa likuswa mtengo. Nthawi yomweyo magetsi anazima, chigayo n'kuti zii, ndipo ndinamva munthu akupuma kumbuyo kwanga.

Anali bambo ena achikulire ovala kofiya yoyera, omwe ankabwera pafupifupi tsiku lililonse akachoka kumzikiti masana. Paunyamata wawo ankanyamula katundu kubwalo la ndege, ndiye ankakonda kundifunsa za ku Chileka, ngati mitengo ina yomwe ankapumirapo ikadalipo. Ankanditchula kuti mwanangu.

"Mwandiopsatu bambo! Munthu amagogodako kaye akamabwera."

"Pepani mwanangu. Ndaona mwaima nthawi yaitali pamabuku a anzathuwo."

"Anzathu ati?"

"Omwe anatsogola."

Anandifotokozera modekha, ngati akundilozera njira ya kumsika. Munthu akamwalira buku la mulaibulale lili m'nyumba, abale amalibweza ndithu, chifukwa kusunga chinthu cha eni n'kumusenzetsa katundu malemuyo. Koma likabwerera palibe amalibwerekanso. Lagona m'nyumba ya maliro, lamva kulira, mwina linali kumutu kwa wodwalayo pomwe ankatsirizika. Tsono wodziwa amalitembenuza kuti mlendo kapena mwana asalitenge mwangozi. Akhristu ndi Asilamu omwe, pa ichi panalibe mtsutso.

"Wotembenuzayo ndi ndani?" ndinafunsa.

"Aliyense wodutsapo. Inenso ndatembenuzapo."

"Inu bambo, munthu wopemphera, wowerenga chonchi, mumakhulupirira zimenezo?"

Anamwetulira. "Kukhulupirira ayi. Koma kubwereka sindinabwerekepo."

"Zamkutu!" ndinatero, mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Mawu anga anakamveka kumapeto kwa chipinda n'kubwerera, ndipo ndinafulumira kukaima pafupi ndi chitseko.

Abwana ndinawaimbira tsiku lomwelo n'kuwauza zonse. Sananyoze, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndamva, amayi. Koma chifukwa chake chikhale maliro, chikhale chiswe, buku losabwerekedwa ndi losabwerekedwa. Shelefu si manda. Ana akufuna mabuku a mayeso, tiwaika pati?" Ankanena zoona. Makatoni ndinalongedza ndekha. Anyamata omwe ankalimbirana kundinyamulira chikwama masiku ena, tsiku limenelo onse anali ndi kopita. Galimoto ya bungwe inabwera, makatoni n'kupita, ndipo kwa kanthawi mashelefu onse anaima mowongoka mmene ndinkafunira.

Patapita miyezi, bambo aja anayamba kujomba. Ankapita kuchipatala ku Lunzu pafupipafupi, ndipo mkanjo unayamba kuwakulira. Tsiku lina analowa n'kuika patebulo langa kapepala konona mafuta. Anati anagula zitumbuwa ku Lunzu podikira minibasi, wogulitsa n'kuwakulungira m'pepalalo. Pakona pake panali chidindo cha laibulale yathu. Linali tsamba la buku la kasokedwe lomwe telala uja anabwereka komaliza, ndipo telalayo anali mnzawo wa pamtima.

"Ndiye mabuku aja amapita kumeneku?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinanama. Mwina ena anapita kusukulu zina, mwina ena anaguliwa pasikelo ndi ogula mapepala. Bambowo sanakalipe. Anapinda kapepalako bwinobwino n'kukaika m'thumba la pamtima. Zitumbuwa zija anati sanadye.

Panali buku limodzi lomwe ankalikonda kuposa onse, la chikuto chobiriwira, nkhani ya munthu woweta njuchi yemwe anathamangitsidwa m'mudzi mwake n'kusamuka ndi ming'oma yake pamutu. Ankalibwereka, kulibweza, n'kulibwerekanso. Linalipo limodzi lokha, ndipo m'masitolo linasiya kupezeka kalekale. Nthawi imeneyi linali kwawo.

Ulendo wawo womaliza anabwera pakabaza, atagwirira mapewa a wopalasa ngati mwana. Kuchoka pakhomo kufika patebulo langa anapuma kawiri. Anatulutsa bukulo m'kajumbo n'kulikankhira kwa ine.

"Tsiku lake silinakwanetu bambo, mukanaliwerenga kaye."

"Lichotseni padzina langa, mwanangu. Panopa, ine ndikuona."

Ndinamva zomwe ankatanthauza. Ndinafuna kunena zija timanena, zoti muchira, Mulungu ndi wamkulu, koma diso lawo linandiletsa. Ndinadina, n'kuwatembenuzira kompyuta kuti aone okha kuti labwezedwa.

"Dzina langa likuonekabe," anatero.

"Limakhalapo mpaka wina abwereke."

"Ndiye wina abwereke ndikadali moyo. Lisafe nane buku limeneli. Sindikufuna likakulunge zitumbuwa. Mulipezere munthu woti aliwerenge."

Ndinalonjeza. Ndinkaona ngati n'chinthu chophweka, buku lokoma chonchija. Ha! Ndinaliika patebulo penipeni, aliyense wolowa n'kumamuonetsa. Aphunzitsi ena anati ali ndi mayeso ochonga. Mtsikana wina wokonda nkhani analitambasulira dzanja, mnzake n'kumutsina, dzanja lija n'kubwerera. Bambo wina wa pachigayo ndiye anandiuza mosabisa kuti, "Tiyambe taona kaye mmene adzukire mdala uja." Lirangwe yense anali ataona kabaza uja. Ndinapsa mtima koopsa. Munthu akadali moyo, akupuma, inu mwamuika kale m'manda? Ndinawalalatira mpaka ena anatuluka osabwereka kanthu, koma bukulo linatsala pomwepo.

Tsiku lachitatu ndinatenga khadi langa n'kulibwereka ndekha. Ndinajambula kompyuta ndi foni, poweruka n'kudzera kwawo, kuseri kwa njanji. Bukulo ndinalisiya m'kabati ya kuntchito, chifukwa ndinkadziwa kuti likapondanso m'nyumba imeneyo zonse zaonongeka. Akazi awo anandilowetsa kuchipinda. Munkanunkhira lubani, ndipo bambowo anali atatsamira khoma, kofiya ili pambali. Ndinawaonetsa chithunzicho. Anachiyang'anitsitsa, mlomo ukutsata zilembo za dzina langa.

"Mwachita bwino," anatero. "Koma muliwerenga?"

"Ndiliwerenga, bambo."

"Mukamaliza mupatse wina. Lizingoyenda."

Anamwalira m'mawa wa Lachisanu la sabata yomweyo, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale, monga amachitira Asilamu. Ndinakhala ndi amayi anzanga pakhomo pomwe amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija. Ndinalira zenizeni, osati zongoperekeza, chifukwa m'Lirangwe monse bambo amenewo okha ndiwo ankandifunsa ngati ndafika bwino.

Lolemba ndinati ndiyese. Ndinalibweza bukulo pashelefu, msana kunja, mwini wake wotsiriza ndili ine wamoyo. Ndinakhala maso ali pomwepo m'mawa wonse. Mwana wina anabwera kudzafunsa za dikishonale, ndinawerama kumuonetsa, podzutsa mutu buku lobiriwira linali litafulatira. M'chipindamo munali anthu angapo, aliyense mutu uli m'buku lake, phee. Sindinakalipe ulendo uno. Ndinazindikira kuti dzina la mukompyuta ndi nkhani ya ine ndi abwana. Anthu a ku Lirangwe anali ndi kawerengedwe kawo, ndipo kwa iwo buku limenelo linali la malemu.

Ndinalitenga n'kulibwerekanso. Madzulo amenewo ndinapita nalo ku Chileka kuti ndikwaniritse lonjezo. Ndinakhala pakhonde dzuwa lisanalowe n'kulitsegula. Fungo la lubani linatuluka m'masamba ngati ndalowanso m'chipinda chija. M'mphepete mwa masamba ena munali timizere ta chikhadabo pomwe ankakonda, ndipo ndikafika pamenepo mawu ankamveka m'mutu mwanga mmene akanawatchulira iwo, pang'onopang'ono, mopumira. Ndinawerenga mitu iwiri. Mawa lake ndinadzuka thupi likuphwanya, mano akugundana. Kuchipatala anati ndi malungo, ndipo ndikudziwa kuti anali malungo, inali nyengo ya dzinja, udzudzu uli ponseponse. Koma nditagona choncho ndinalakwitsa kuwauza amuna anga mbiri ya bukulo.

Munthu wamkulu, wolondera bwalo la ndege, woti akuba amamuopa, anadumpha ngati waponda moto. "Chimenechi m'nyumba mwanga ayi! Mukufuna mundisiyire ana?" Analinyamula ndi nyuzipepala n'kukaliika m'khitchini ya panja, pamwamba pa matumba a chimanga. Ndinawaseka, ndinawanena kuti ndi amantha, mwamuna wanji woopa mapepala. Koma nditachira sindinalitsegulenso. Ndinkati mawa, mawa, dzanja likafika pachikuto n'kuzizira lokha. Ndinkachita mantha, basi, ndinene mosazungulira.

Chomwe ndinkatha chinali kulisunga lamoyo mukompyuta. Tsiku lobweza likakwana ndinkalibweza n'kulibwerekanso nthawi yomweyo, lili m'kabati yanga ya kuntchito momwe ndinalibwezera, lokulungidwa m'kajumbo komwe kaja. Chaka chilichonse abwana ankaitanitsa mabuku osabwerekedwa, ndipo chaka chilichonse munkapezeka ena atsopano ochokera kumaliro, chifukwa anthu sanasiye kumwalira. Ndinkawalongedza ndekha. Lobiriwira lokha silinatulukepo pamndandandawo. Linafika mpaka pokhala pamwamba pa mabuku obwerekedwa kwambiri, abwana n'kundiyamikira pamsonkhano kuti ku Lirangwe anthu amakonda nkhani za m'chilankhulo chawo. Ndinangoti zikomo, maso ali pansi. Mumtima ndinkadziwa kuti bambo aja sanapemphe zimenezi. Anapempha munthu woliwerenga, ndipo munthuyo ndinali ndisanamupeze.

Chaka chino bungwe latsegula laibulale ina kufupi ndi kwathu ku Chileka, ndipo nditadandaula zaka zonsezi za minibasi, andisamutsira komweko. Ku Lirangwe kwabwera mtsikana wochokera kuchigawo chapakati, wangomaliza kumene maphunziro a ntchitoyi. Ndi wansangala, woseka ndi aliyense, wopeza kanyumba ka lendi pafupi ndi msika momwe akukhala yekha. Amanditchula kuti amayi. Tsiku lomusiyira makiyi tinakhala limodzi pakompyuta, iye akudina mofulumira kuposa ine.

"Iii amayi, buku ili ndiye lotchukatu!" anatero. "Silikhala pashelefu n'komwe. Ndipo ndi inu nokha mukulibwereka. Ndi lokoma choncho? Lili kuti?"

Ndinatsegula kabati n'kulitulutsa m'kajumbo. Maso ake anawala ataona chikuto. Anati madzulo amasowa chochita, alibe wailesi yakanema, sadziwa munthu aliyense kuno. Anatambasula dzanja n'kuligwira mbali imodzi.

Ine mbali inayo sindinasiye.

Tinakhala choncho, iye akukoka pang'ono, akuseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ine m'mutu zinkangozungulira. Ndikamuuza mbiri yake, sadzalitsegula, kapena adzalitsegula ndi mantha ngati ine n'kulisiya panjira, ndipo ine ndikachoka palibe wolibwereka, chaka chamawa lili m'katoni. Ndikapanda kumuuza, ndiye kuti ndamupatsa mwana wa eni chinthu chomwe ine mwini wanga ndikuchiopa. Zamkutu, ndinadziuza. Ndi mapepala chabe. Anali malungo. Munthu woliwerenga uja ndi ameneyu, wabwera yekha.

"Amayi, mukulikonda zedi eti?" anatero.

"Ukamaliza upatse wina," ndinatero, ndipo ndinatsegula zala.

Anadina yekha, dzina langa n'kuchoka, lake n'kulowa. Analiponya m'chikwama mwake pamodzi ndi botolo la madzi ndi tchaja ya foni, n'kundiperekeza pokwerera minibasi akundiuza za kwawo.

Chichokereni ndimamuimbira foni m'mawa uliwonse ndisanatsegule laibulale yanga. Ndimayamba ndi za ntchito, ngati sola ikugwira, ngati ana akubweza mabuku, kenaka ndimafunsa chomwe ndaimbira: wadzuka bwanji, m'thupi muli bwino? Iye amaseka, amati sanaonepo mayi wachikondi ngati ine, ngakhale amayi ake omubereka samuimbira chonchi. Dzana anandiuza kuti wafika pomwe woweta njuchi uja akuwoloka mtsinje ndi ming'oma yake, ndipo anachita kuiwala mphika pamoto. Ndinasangalala mpaka misozi, zoona, ndinati bambo aja akanamva. Dzulo anati watsala ndi mitu yochepa.

Lero ndaimba, foni ikungoitana. Ndaimbanso nditatsegula mawindo, ikungoitana. Mwina waiiwala kunyumba, atsikana a masiku ano mitu yawo. Mwina ili m'chikwama ndipo chigayo chikusokosa. Pali ana atatu aima patebulo langa ndi mabuku m'manja, akundiyang'ana, ndawauza kuti adikire kaye. Ndikuimbanso.